Bwato Losadontha la pa Msundwe

Hopeson anayendetsanso chikhatho pamimba pa bwatolo, atatsinzina. Chakumapeto anamva kotukuka kochepa ngati njere ya mapira. Anapinda sandipepa n'kuyambiranso kukwecha.

Inali sabata yachisanu. Shedi yake, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji pa Msundwe, inkadziwika ndi mabedi, zitseko ndi mabenchi a m'tchalitchi. Bwato anali asanapangepo. Kunena zoona, anali asanakwerepo n'komwe. Madzi aakulu amene ankawadziwa anali a m'dambo la kwawo ku Kabudula mwezi wa Febuluwale, ndipo amenewo ankawoloka atangopinda buluku.

Ntchitoyi inabwera ndi mayi wina wa m'tauni, a Jacqueline. Anaimitsa galimoto n'kumuonetsa chithunzi pafoni: bwato lathabwa, lowonda, losongoka uku ndi uku ngati nthanga ya dzungu. Anati likhale la mamita anayi, pakamwa pake potambalala, lowala loti munthu aziliona ali patali. Hopeson anavomera asanaganize bwino, chifukwa Zikani anali pomwepo akumvetsera.

Zikani anali mmisiri wa shedi yoyandikana nayo, wokhoma mabokosi a maliro. Chiyambire tsiku limenelo pakamwa pake sipanapume.

"Limbikirani, achimwene," ankatero m'mawa uliwonse atatsamira mzati. "Inu mukamaliza lanu, mayi aja akangokwera, ine ndiyamba langa. Muyezo wawo ndinatenga kale ndi maso."

Hopeson ankaseka nawo, koma mawuwo ankamuperekeza mpaka kunyumba. Bedi likathyoka, munthu amagwa pansi n'kudzuka akutukwana. Bwato likachita chibwana, mwini wake sabwerako kudzadandaula. Ndipo Msundwe yense, kuyambira akabaza mpaka amayi ogulitsa tomato, ankadziwa amene akulipanga. Litati lamira ndi munthu, ndani akanamupatsanso ntchito, ngakhale yokhoma kampando ka kukhitchini?

Choncho anagwira ntchito ngati wolodzedwa. Timatabwa ta malaina anatipala mpaka tinagwirana osasiya mpata wolowa tsitsi. Mng'alu uliwonse anaumata ndi utuchi wosefa wosakaniza ndi guluu. Anakwecha ndi sandipepa wokhakhala, kenako wapakati, kenako wosalala uja amene amamaliza khungu la zala. Anapaka vanishi, n'kudikira kuti aume, n'kukwechanso, n'kupakanso. Oda ya mabedi awiri anaikana. Ntchentche ikati itere pabwatolo inkaterereka, ndipo izi ngakhale Zikani anavomereza.

Koma kusalala si umboni. Nyanja inali kutali, ndiye Hopeson anaganiza mochenjera: ngati madzi sangatuluke, ndiye kuti sangalowenso. Anasanjika bwatolo pamabenchi awiri, nayala mapepala a matumba a simenti pansi pake, n'kuthiramo ndowa makumi atatu za pamjigo.

Patatha ola, papepala panaoneka kadontho kamodzi, chakutsogolo.

"Kamodzi kokha," anatero Hopeson.

"Eya, kamodzi kokha," Zikani anayankha mokoma mtima. "Nayo nyanja inayamba choncho, eti?"

Hopeson anakhuthula madzi onse. Anadikira masiku atatu kuti thabwa liume, napala vanishi pamalopo, namata, nakwecha, napakanso. Atayesa kachiwiri kadonthoko kanasamukira kumbuyo. Anabwerezanso zonse. Mkazi wake anayamba kumubweretsera chakudya kushedi komweko, akuti poti ukwati tsopano unali wa anthu atatu.

Loweruka m'mawa a Jacqueline anafika ndi lole yodzanyamulira. Anthu anasonkhana ngati pafika sing'anga wa mankhwala a msana. Akabaza anasiya makasitomala. Anapeza bwato lili pamabenchi, lodzaza madzi mpaka m'milomo, likunyezimira ngati uchi.

"Madzi amenewa ndinathira dzulo masana, mayi," anatero Hopeson, manja kumbuyo. "Sindikufuna mundikhulupirire ine. Afunseni awa, amene akhala akundiikira maliro masabata onsewa."

Zikani anagwada, nakwawira pansi pa bwato. Anasisita mapepala onse, limodzilimodzi. Anayendetsa chala mumzere uliwonse wa matabwa, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Anakhalitsa kumeneko. Potuluka anadzikuntha fumbi m'mawondo, navula chipewa.

"Mayi, kwerani mtima uli m'malo," anatero. "Ine pano kasitomala ndaluza."

Anthu anaomba m'manja, amayi a tomato n'kululutira. Hopeson anamva mtolo wa masabata asanu ndi awiri ukutsika paphewa. Anayamba kale kuona chikwangwani chatsopano pashedi yake, cha zilembo zofiira.

A Jacqueline anazungulira bwatolo kawiri akujambula ndi foni, akulisisita ngati mwana wakhanda.

"Amisiri, mwaposa chithunzi chija. Sindinayembekezere zotere," anatero. "Kwangotsala kanthu kamodzi. Tayani madziwa, mundiboolere mabowo khumi ndi awiri pansipa. Likukakhala pageti pa malo anga ochitira maukwati, ndidzalamo maluwa. Madzi akadikha mizu imaola."

Zikani anapita kwake mwakachetechete, nabwera ndi choboolera, n'kuchipereka kwa Hopeson ndi manja awiri.