Chikuku Chalowa, Mwini Wake Ali Panja

Wolakwa anali mkulu wa asilikali, osati chitseko. Zaka zisanu ndi zinayi chidukireni miyendo ya Arbey pa bomba lokwirira, bamboyo sanapondeko kudzamuzonda. Koma atamva kuti watenga chikho cha tenesi mumzinda wa Cali, anamuitanitsa, ati abwere pa chikuku chosewerera chifukwa chimaoneka bwino pa chithunzi.

Chikuku chimenecho matayala ake ndi otangadza. Pakhomo la holo chinakanika kulowa.

"Mutsitseni kaye," anatero mkuluyo.

Asilikali awiri anamukhazika Arbey pabenchi panja, n'kupendeketsa chikukucho, n'kulowa nacho. Sanabwerenso kudzamutenga. M'katimo munalira malipenga, kenaka zolankhula zosatha, kenaka kuomba m'manja.

A Herminia, mayi ake amene ankamukankha tsiku ndi tsiku kupita kubwalo la tenesi, anadzuka kuti alowe m'holomo.

"Khalani pansi, amayi," anatero Arbey. "Ine ndatopa. Chikukucho chisangalaleko nachonso, chagwira ntchito."

Patapita ola, msilikali anatuluka nacho, mendulo ikulendewera pachotsamira.

A Herminia anamugwira malaya msilikaliyo.

"Tandiyankha, mwana iwe. Kunkhondo kuja munatumizako ndani, mwana wanga kapena chikukuchi?"