Enoki ndi mapu a phulusa

Panali munthu wina kwa Mavwere ku Mchinji, dzina lake Enoki. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, anthu a kumeneko akuidziwa bwino. Enoki anali mlimi wa fodya wolimbikira ndithu, koma dyera lake, mayo ine! Nkhuku ya mnzake ikadutsa pakhomo pake ankaiona ngati ndiwo.

Mayi ake pomwalira anasiya malo aakulu m'mbali mwa msewu. Mwa mwambo wathu malowo anali a mlongo wake Stelia, mayi wamasiye wa ana awiri, amene ankakhala pomwepo. Enoki zimenezi zinkamudya mumtima.

Zaka zija tinayamba kusankha makhansala, kunabwera uthenga woti alangizi a ku boma adzakhala pansi ndi mudzi wonse kukonza mapulani a chitukuko. Banja lililonse libwere, aliyense adzanene yekha zimene akufuna. Tsikulo litafika mwana wa Stelia anadzuka ndi malungo.

"Mlongo, khala ndi mwanayu," anatero Enoki. "Ndikakuyankhulira ine. Mwini mbumba si ndine?"

"Zikomo achimwene, mwandithandiza."

Ku msonkhano mlangizi anauza anthu kuti ajambule mapu a mudzi pansi ndi phulusa. Anajambula msewu, mtsinje, manda ndi tchalitchi. Kenaka anati banja lililonse liike chitsononkho pamene pali nyumba yake. Enoki anaika chake, koma cha Stelia sanaike.

"Nanga dera lalikulu ili la kumsewuli?" anafunsa mlangizi.

"Ndi tsala limenelo, bwana. Sipakhala munthu," anayankha Enoki nkhope ili gwa. Nzeru yake inali yoti boma likalemba choncho, Stelia adzasowa pogwira.

Mayi wina woyandikana ndi Stelia, dzina lake Rhoda, anadzuka. "Aa, a Enoki! Si pa Stelia pamenepo?"

"Mayi, za pamtundu pathu mwazidziwa liti? Ameneyo akusamuka, akukakhala kwina."

Anthu onse anangoti zii, maso pansi. Enoki ataona kuti zake zatheka anakwera njinga ulendo wa kumalire, kumene ankamudikira wogula fodya wa ku Zambia. Anati zotsalazo ndi zongotha nthawi.

Koma zenizeni zinali m'mbuyo. Masana anthu anagwirizana kuti chofunika choyamba ndi sukulu, poti ana ankawoloka mtsinje nthawi ya dzinja. Mlangizi anafunsa kuti imangidwe pati. Apa aliyense anayang'ana chitsononkho chake. Ndani angapereke munda wake? Zala zonse zinaloza pamalo opanda kanthu paja, nthungululu n'kumveka. Anthu ndi oipa, abale! Onse ankadziwa kuti pamenepo pali nyumba ya mayi wamasiye.

M'mawa mwake Rhoda anapita kukamuchenjeza Enoki. "A Enoki, pitani ku boma mukakonze bodza lija. Malo aja apita ku sukulu."

Enoki anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mapulani a boma? Amathera m'makabati amenewo. Ine ndidzafa osaiona sukuluyo."

Anthu atangokolola, Enoki anapita kwa Stelia n'kuyamba kusasula denga.

"Achimwene, ndalakwanji? Ndilowera kuti ndi anawa?"

"Boma lalemba kale kuti pano sipakhala munthu. Ufuna utsutsane ndi boma?"

Stelia analira, koma palibe anatuluka kudzamuthandiza. Anamanga katundu pachitenje, mwana wina kumbuyo wina padzanja, ulendo wokafuna ganyu ku maesiteti a fodya. Enoki anamanga pamalopo nyumba ya njerwa zootcha ya malata, zigafa zake zoumitsira fodya kuseri, n'kumayenda chifuwa patsogolo.

Zinapita zaka, chaka cha njala chija n'kudutsa. Tsiku lina kunangoti tulukiru lole ya simenti, anthu a ku boma n'kuyamba kukhoma zikhomo pakhonde pa Enoki penipeni. Enoki anathamangira ku boma thukuta lili kamukamu.

"Bambo, munanena nokha pamaso pa mudzi wonse kuti ndi tsala," anamuyankha mkulu wa zamapulani. "Nyumba yanu mwamanga pamalo a sukulu. Koma ngati panali munthu kalelo, abwere mwiniwakeyo adzanene yekha, tiunikanso."

Apa m'pamene Enoki anakumbuka kuti ali ndi mlongo. Anagula shuga ndi chitenje chatsopano, nayenda esiteti ndi esiteti kufunsa. Potsiriza kapitawo wina anagwedeza mutu.

"Stelia uja wa ana awiri? Tinaika m'manda chaka cha njala chija, iye ndi mwana wamng'onoyo. Wamkuluyo anapita ndi matenanti ena a ku Mulanje, sitidziwa mudzi wake."

Enoki anagwira mutu. "Bwanji simunatumize uthenga kwathu?"

"Kwa yani, bambo? Tinamufunsa ali gone kuti titumize kuti. Anati alibe mbale."

Enoki anabwerera akukankha njinga, kukwera anakanika. Pofika anapeza nyumba itagwetsedwa, malata ake ali pamsewu, mkazi wake atanyamula ana kupita kwawo, amayi a m'mudzi akututa njerwa za nyumba yake kukamangira zimbudzi za sukulu. Ankatuta akuimba.

Phunziro: Msonkhano wa chitukuko ukaitanidwa, pitani nokha, mukayankhule nokha, ndipo mukhale mpaka utathe. Musatume munthu, ngakhale wobadwa naye bere limodzi. Mukamva bodza pagulu musakhale chete chifukwa lakomera munda wanu. Ndipo inu amene mukukumbira dzenje mbale wanu, dziwani kuti tsiku mudzamufune simudzamupeza. Musasunge nokha nkhaniyi, tumizirani abale ndi anansi, makamaka amayi amasiye.