Golide wa Nyenyezi Zakufa

Foni ya malemu inaliranso anthu ali pakati pa chakudya chamasana. Mayi anasiya supuni n'kuthamangira pashelefu pomwe ankaitchaja tsiku ndi tsiku.

"Amayi, takhalani pansi mudye," anatero mwana wawo wamkazi. "Si inu nomwe munkaitukwana foni imeneyi?"

Sananame. Malemuwo, amuna a mayiwo, anali katswiri wa zakuthambo, ndipo makina oyendayenda m'mlengalenga akangoona kuphulika kwa kuwala kwamphamvu kotchedwa cheza cha gama, foniyo inkalira. Bambowo ankasiya chilichonse, ngakhale alendo, n'kuthamangira kuntchito.

"Ndinkaitcha mkazi mnzanga," anatero mayiwo, akupukuta galasi la foniyo ndi chala chomwe chinali ndi mphete ziwiri, yawo ndi ya malemu. "Bambo ako ankati nyenyezi ziwiri zakufa zikawombana zimang'anima kamphindi chabe, ndipo m'moto umenewo ndi momwe mumabadwa golide. Ati ngakhale wa mphetezi anachokera kumaliro oterowo."

Mwanayo anawalanda foniyo kuti aizimitse, koma anangoima n'kuiyang'anitsitsa.

"Amayi, anzawo akuntchito anaichotsa nambalayi pamndandanda wa oimbiridwa ndi makinawo sabata ya maliro. Ndine ndinawapempha. Muno mulibenso simu, ndinaitulutsa ndekha."

Mayiwo sanadabwe. Mpando wa malemu unali utasunthira kumbuyo, ngati munthu wangonyamukapo mwaphuma. Anaukankhira kutebulo pang'onopang'ono.

"Ankanenanso kuti kuwala kwa zinthu zakufa kumafika mochedwa," anatero. "Vundikira mbale ya bambo ako. Adya akabwerako."