Tsiku Limene Nduku Anapereka Mpando

A Rateng anakhala panja pa ofesi ya Nduku Mwanzia, taye itawathina pakhosi, akumvetsera mnzawo akulalatiridwa m'kati.

Makoma a maofesi a ku Westlands kuno ndi agalasi. Munthu akamanyozedwa, aliyense amaonerera ulere.

Wonyozedwayo anali a Gikonyo, mkonzi wa nyuzipepala ya Kengele. Imvi mbuu, mimba patsogolo, manja kumbuyo ngati mwana wochedwa kusukulu.

"Iwe Gikonyo, mutu wa nkhani uwu walemba ndi phazi?" anatero Nduku. "Ndauyamba batire ili yodzaza, pomaliza foni yazima. Nanga zithunzizi unajambula uli m'matatu, minibasi ikuthamanga? Ukuseka chiyani? Sindinamalize."

A Gikonyo sankaseka. Nkhope yawo ndi yotero.

Nduku ndi mwana wa dzana, koma pulogalamu ya pafoni imene Nairobi yense amawerengerapo nkhani ndi yake. Nyuzi yapepala ija masiku ano ndi yokulungira chipisi basi. Nyuzipepala ikapanda kuoneka kwa Nduku, ikumbireni dzenje. Tsono chaka chino mtsikanayo analengeza kuti patsamba lake loyamba patsala malo a nyuzipepala imodzi. Zolimbirana zinali ziwiri: Kengele ya a Gikonyo ndi Nyota ya a Rateng.

Kukometsa mawu Nduku sakudziwa. Moni sapereka. Msonkhano amachita choimirira. Ndiye akonzi onse mumzinda muno anayamba kumutsanzira, ati ndimo muli nzeru zake. Anavula majekete n'kuvala masikipa akuda, michombo ikusuzumira kunja. Mipando anatulutsa m'maofesi. Wina wa pawailesi anafika pouza abusa kuti afupikitse, pa ukwati wa mwana wake yemwe.

A Rateng nawonso anayeserako. Tsiku lina anakalipira mtolankhani wawo, koma pofika madzulo anali atamupepesa n'kumugulira soda. Mtima wotere si wa ntchito ya masiku ano. Ndipo a Rateng anali asanaonane ndi Nduku maso ndi maso, ankangomumvera mbiri. Chimene ankadziwa n'choti Nyota ikagwa lero, agwa nayo atolankhani, ojambula, mpaka wolemba za mpira amene mkazi wake ali ndi pakati.

Chitseko chinatseguka. A Gikonyo anatuluka thukuta lili kamukamu.

"Pepani, achimwene," anatero a Rateng, akubisa mano.

"Lowani mukamve zanu," anayankha a Gikonyo.

A Rateng analowa atakonzeka kuima. Koma Nduku anadzuka, anazungulira tebulo, n'kukoka mpando wofewa umene unali pakona.

"Bambo Rateng, takulandirani. Khalani apa. Pamsewu sipanakuvuteni?"

A Rateng anayang'ana kumbuyo, kuti mwina walowa nawo munthu wina. Panalibe. Anakhala pang'onopang'ono, ngati pampando pali singano.

Kunabwera tiyi wamkaka wothira jinja, ndi mandasi otentha. Anathira ndi Nduku yemwe.

"Shuga angati, bambo?"

"Atatu, mayi. Adokotala sali pano."

Nduku anaseka. Inde, anaseka. Mano ali nawo, abwinobwino.

"Mukudziwa, bambo anga ankagula Nyota Lamlungu lililonse," anatero. "Ine kuwerenga ndinaphunzirira patsamba lanu la ana. Inu ndinu nsanamira ya ntchito imeneyi."

A Rateng anamasula taye. Anali atabwera ndi malonjezo odzaza m'kamwa, ndiye anati asabwerere nawo.

"Mitu ya nkhani tikhoza kufupikitsa, mayi. Zithunzi tikhoza kukonza. Ngakhale masikipawo, ine ndivala."

"Ayi, bambo, musavutike. Musasinthe kalikonse. Nyota ili bwino mmene ililimu."

Anacheza za mvula, za mitengo ya mafuta, za mwana wa a Rateng amene ali ku Kisumu. Pomaliza Nduku anawakulungira mandasi otsala, anawaperekeza mpaka pachitseko, n'kuwagwira chanza ndi manja awiri.

Atangotuluka, a Rateng anaimbira ku ofesi kwawo.

"Uza anyamata apeze mbuzi yonona. Loweruka tikuotcha. Anthu amangomunamizira mwanayu, ndi woleredwa bwino."

Pa chikepe anapeza a Gikonyo akudikira, akadapukutabe khosi ndi mpango.

"Musadandaule, akulu," anatero a Rateng. "Zikakuvutani mubwere kwathu. Tikusowa munthu wokonza tsamba la zamaliro. Nkhope muli nayo kale."

A Gikonyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka pa kaphukusi kamafuta kamene kanali m'manja.

"Anakupatsani mpando?"

"Wofewa. Ndi tiyi pamwamba."

"Anati mukonze chiyani?"

"Palibe ngakhale chimodzi. Ati tili bwino mmene tililimu."

A Gikonyo anapinda mpango wawo bwinobwino, anauika m'thumba, n'kuwagwira a Rateng paphewa.

"Ine wandipatsa mpaka Lolemba kuti ndikonze mitu ndi zithunzi, tsamba lisanatsegulidwe. Chaka chachitatu chino akunditukwana, achimwene. Mwana ameneyu amalalatira amene akhale naye mawa. Ulemu amausungira maliro."