Kang'oma ka Mwana wa Alamu

"Ukuseka chiyani wekhawekha?" Armindo anafunsa mkazi wake Zodiwa, yemwe ankakulunga kang'oma m'chitenje.

"Chigulireni mchemwali wanu Margarida wezulo wa Tausi wathu, khandali siligonanso masana. Kang'omaka ndagulira mwana wake, Margarida nayenso alawe."

"Kusukulu ku Malawi tinkati rivenji imeneyo," anatero Armindo.

"Dzina lokoma," anayankha Zodiwa, nanyamuka kukapereka mphatsoyo akuvina njira yonse.

M'mawa mwake Margarida anatulukira atasenza chikwama, kamnyamata kake Vitorino kali pambuyo, gu! gu! gu!

"Alamu, ndikuwolokera pa malire a Entre Lagos kukaoda katundu, ndichedwako. Vitorino atsala kuno. Ng'omayo wakana kuisiya."

Tausi anathamangira m'nyumba kukatenga wezulo wake.