Gawo Lobisika pa Laputopu ya Alamu

Pulogalamu yogawira disiki itatseguka kuchokera pa fulashi imene amayenda nayo m'kachikwama, mayi wina wokonza makompyuta anaona magawo atatu pa disiki ya laputopuyo. Alamu ake, amuna a mkulu wake, amene anamuitana kunyumba kwawo kudzakonza laputopu yawo, anali atamuuza kuti alipo awiri okha.

"Lachitatuli ndi lobisika. Muli chiyani umu, alamu?"

"Zinyalala chabe. Ingofufutani, muliphatikize ndi linalo kuti malo achuluke," anatero bamboyo, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

Koma iye sankafufuta chinthu asanachione. Analitsegula gawolo.

Munali zithunzi mazanamazana, zojambulidwa mozemba kudzera pa kawindo ka kubafa. Anawazindikira matailosi obiriwira a m'nyumba momwemo. M'zithunzimo anamuzindikiranso mayi wantchito wa pakhomopo, amene pa nthawiyo ankamveka akukolopa m'khonde uku akuimba chapansipansi.

Ngakhale mabatani amafutamafuta a laputopuyo anamunyansa, moti anapukutira zala zake pa siketi.

Bamboyo anawerama, mpweya wake wofunda n'kumamuomba m'khutu. "Ndi zachimuna izi, alamu, musakulitse nkhani. Dinani pamenepo basi, zithe."

Chala chake chinali pafupi ndi batani lofufutira. Akanangodina kamodzi, banja la mkulu wake likanapitirira ngati palibe chachitika.

Anabweza dzanja, n'kuikumbatira laputopu ija pachifuwa.

"Achemwali," anaitana mkulu wake. "Tasiyani kaye za kukhitchinizo. Mubwere ndi amayi akukolopawo, nkhaniyi ndi yawo."