Muvi Wosasuntha wa pa Lole ya Apongozi

Penti wachitatu nayenso anakanika. Hilario anaponya pansi nthenga yopakira n'kutuluka m'lole, malaya atamatirira kumsana.

Dzuwa la ku Bangula linali litawaula mivi ya mageji a pa dashibodi mpaka kuyera ngati minga ya nsomba, moti poyendetsa sinkaoneka. Ndipo mawa lake ankayenera kukwera phiri la Thabwa koyamba, atasenza thonje. Loleyo inali ya apongozi ake, a Francisco, amene anamusiyira chiwongolero maso atayamba kuchita nkhungu. Ikanakafera pachitunda, mudzi wonse ukanati mkamwini wapha chuma cha eni.

Penti wa zitseko anali wolemera: atamupaka pa muvi wa mafuta, muviwo unagona pa ziro thanki ili yodzaza. Wa m'zikhadabo wa mkazi wake Priska anatuluka pinki. Wachitatuyo anakagula kumsika, atabwezedwa kaye pachipata ndi anyamata a Yufi chifukwa choiwala khadi la chipani, koma anali madzi okhaokha.

Chomutonthoza chinali geji ya kutentha kwa injini. Muvi wake unali udakali wofiirirako, ndipo chiyambire kukwera loleyo Hilario sanauonepo ukuchoka pakati, ngakhale mu Okutobala. Pa bawo ankadzitama kuti injini yake ndi yozizira mtima. N'chifukwa chake ankanyansidwa ndi mgolo wa madzi umene apongozi ankaumirira kuti uziyenda kumbuyo, n'kumadya malo a thonje. M'mawa womwewo anali atautsitsa.

A Francisco anabwera pang'onopang'ono ndi kachitini ka penti amene ankapakira njinga.

"Tayesani uyu, bambo a Luisa. Ndi amene amagwirizana ndi loleyi."

Hilario analandira ndi manja awiri, mumtima akung'ung'udza. Koma atadontheza pagalasi la geji ya kutentha, mtundu wake unafanana ndendende ndi muvi wokhulupirika uja. Anaganiza zoyambira pomwepo.

Anamasula tizitsulo tadzimbiri, n'kuchotsa galasi, n'kupisa chala kuti anyamule muviwo. Chala chinangotereka pachitsulo chosalala. Panalibe muvi. Unali mzere wa penti, wojambulidwa mosamala pakati penipeni.

"Mgolo uja muubwezere," anatero a Francisco, akubwerera kumthunzi.